Alezi, bwezani makope aja m'katoni

Chitsegulireni sukulu mu Seputembala ndakhala ndikuzungulira m'sukulu za mmera mpoyamba za m'dera langa, zimene ambiri timangoti mkombaphala, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa mtendere. Zaka zam'mbuyomu ndinkadziwira kutali, ndisanatsike n'komwe panjinga, kuti apa pali ana: kukuwa, kuthamangitsana, wina akulira poti amulanda tayala. Chaka chino ndikumva ngati kwaya ikukonzekera Lamulungu. Ukalowa upeza ana andandalika pamphasa, miyendo atawongola, manja apinda pachifuwa, mlezi ali kubolodi ndi kamtengo akuloza zilembo, iwo akubwereza mokuwa. Zikatha zimenezo amagawa makope ndi mapensulo oduka pakati kuti mwana wa zaka 3 alembe "a" mpaka tsamba lidzaze. Dzuwa la Okutobala lili phwee pamalata, ana thukuta kamukamu, ena akuwodzera pensulo ili m'kamwa.

Pamalo ena mlezi, mayi wolimbikira ndithu amene sindikufuna kuwachititsa manyazi, anandiitanira kamtsikana ka zaka 4 kuti ndione nzeru. Mwanayo anawerenga m'Chingerezi kuyambira 1 mpaka 50 osapumira, anzake n'kumuwombera m'manja. Ndinatuluka, kukatola timiyala, n'kutiunjika patsogolo pake. "Mama, tandipatseko miyala itatu." Anandiyang'ana, anayang'ana mlezi, kenako anatapa dzanja lodzaza n'kundipatsa. Mlezi anati ndifunse m'Chingerezi poti ndi mmene anaphunzirira. Ndinafunsa, koma linabwera dzanja lodzaza lomwelo. Ndinayesa ana ena asanu, ndipo amene anatola itatu n'kuima anali kamnyamata kamene mlezi anati n'kovuta, sikakhazikika pansi. Pambuyo pake ndinamva kuti madzulo kamathandiza agogo ake kutsekera mbuzi.

Mtsikana uja alibe mlandu. Anamuphunzitsa nyimbo ya manambala ndipo waigwira bwino. Koma zoti pa mwala uliwonse timatchula nambala imodzi, zoti nambala imene watchula pomaliza ndiyo kuchuluka kwa mulu wonse, zoti miyala itatu imakhalabe itatu ngakhale uimwaze, mwana amazitulukira ndi zala zake: pogawana zitsekerero za mabotolo, poponya phada, pogawira anzake nsima ya dothi kumasanje wina n'kudandaula kuti yake yachepa. Akafika ku Sitandade 1 alibe maziko amenewa, kuphatikiza ndi kuchotsera kumakhala kuloweza kwinanso, ndipo tsiku limene zoloweza zidzachuluke mwana adzangoti masamu ndi ovuta.

Za kulemba ndiye zimandiwawa kwambiri. Dzanja la mwana limakhwima kuchokera kuphewa, kubwera kuchigongono, ndipo zala zimamalizira. Wa zaka 3 nthawi zambiri amagwirabe pensulo ndi dzanja lonse ngati mthiko, ndipo si zachilendo pa msinkhu umenewo. Mukamupanikiza m'mizere yopapatiza ya kope amadinikiza mpaka pepala kubooka, dzanja limamuwawa, amayamba kulira. Zikatero ndaona ndi maso anga mlezi akugwira kadzanja kaja n'kulemba yekha, kenako n'kuchonga ndi cholembera chofiira. Kope likapita kunyumba bambo amanyadira, kuonetsa anzawo pabawo, osadziwa kuti akuyamikira zolemba za mayi wa zaka 40. Zala zimene zikanalimba poumba ng'ombe zadongo, pong'amba mapepala, potunga mikanda ya mapesi, pokolopa ndi kutunga madzi m'tizitini, zathera pa kufinya pensulo. Mwana akazolowera kagwiridwe kopotoka, aphunzitsi a ku pulayimale ndiwo amavutika kumuwongola, m'kalasi la ana odzaza mpaka pakhomo.

Ndalama nazo zikupita. Makope amang'ambika, mapensulo amasowa sabata iliyonse, ndipo kholo limagulanso. Pamalo ena ndinapeza mwana aliyense ali ndi makope awiri, komiti yayamba kale kusonkhetsa za mikanjo ndi zisoti za mwambo wotsanzikana wa mu Julayi, koma phala akuphika masiku awiri okha pasabata chifukwa akuti chimanga ndi soya zatha. Tonse tikudziwa chimene chimachitika phala likasowa: ana amachepa tsiku lomwelo, ndipo Januwale ndi Febuluwale akubwera. Ndalama ya kope limodzi la mwana wosadziwa kugwira pensulo ikanalowa mumphika.

Chimene sitichiwerengera ndi mtima wa mwana. Wa zaka 3 kapena 4 sangakhale phee nthawi yaitali, thupi lake silinapangidwe choncho. Ndiye kuti akhale phee pamafunika kukalipa, ndipo kamtengo kolozera bolodi kaja sikachedwa kusanduka chikwapu. M'mawa ndimakumana ndi amayi akukoka mwana pamkono, iye akudzigwetsa mumsewu kukana kupita. Mwana ameneyu sanafike n'komwe zaka 6 zoyambira Sitandade 1 koma sukulu waiwopa kale. Alezi nawonso, ambiri mwa inu mumagwira modzipereka, mwasiya dimba ndi geni, ndiye mukuwonjezera kulimbana ndi ana 40 kuti asagwedezeke. Pofika 11 koloko mawu asasa, mutu ukuwawa. Ena asiya ntchito chifukwa cha kutopa kumene adzibweretsera okha.

Ndikafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzi: "Alangizi, makolo akufuna." Akuti kusukulu zolipira za patauni ndi pamsika ana akupatsidwa homuweki, akulankhula Chingerezi, ndiye ifenso tikamangosewera makolo achotsa ana. Zina mwa sukulu zimenezo zalemba Montessori pachikwangwani ndi utoto wowala, mkati ana akuimba zilembo kuyambira m'mawa mpaka masana. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba mu 1907 ku Rome, m'dera la anthu osauka, ndipo ana ake ankasesa, kutsanula madzi, kumanga mabatani, kusanja timatabwa, n'kumatsatira zilembo zokhakhala ndi chala asanagwire cholembera. Dzina tabwereka, ntchito yake tasiya. Kwathu kuno ndondomeko ya boma ya mmera mpoyamba inatuluka mu 2003, ndipo unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, umene umayang'anira malo amenewa, wakhala ukunena kuti ana a zaka 3 mpaka 5 amaphunzira kudzera m'masewera. Inu amene munapita kumaphunziro a alezi munazimva zimenezi, munakonza ngodya zamasewera ndi manja anu, munavina, munalandira satifiketi. Mwabwerera kumudzi n'kuyamba kuphunzitsa mmene anakuphunzitsirani inuyo ku pulayimale zaka 30 zapitazo. Nanga munapitiranji?

Ndipo zidole zimene mabungwe anapereka ndikuzipeza zili m'katoni, katoni ali kunyumba kwa msungichuma, akuti zingawonongeke. Zimatuluka tsiku la alendo basi. Chidole chosathyoka ndi chimene sichinagwire ntchito, ndipo palibe mlendo wanzeru amene angakondwe kuchipeza chatsopano patatha zaka ziwiri.

Sabata yatha tinali ndi msonkhano wa makolo pansi pa mtengo wa mango, ndipo amene ankalimbikira kwambiri za makope anali bambo wina wachikulire, mlimi wodziwika wa ng'ombe zapangolo, amene akulera mdzukulu. Anaimirira, chipewa m'manja, nati, "Alangizi, inu nomwe mumati mmera mpoyamba. Ndiye ayambe kulemba pompano." Anthu anavomera. Ndisanayankhe, mnzawo wina anawaseka kuti, "Achimwene, muwauze za thole lija." Bambowo anakana kaye, koma poti ndi munthu wokonda nkhani anafotokoza. Chaka china ng'ombe yawo imodzi inafa mvula itayandikira, ndiye posafuna kubwereka anatenga thole lisanakhwime n'kulimanga pagoli ndi ng'ombe yaikulu. Sabata yoyamba linkakoka ndithu, iwo n'kumadzitama kuti apeza ng'ombe yanzeru. Kenako khosi linatupa n'kuchita chilonda. Chilonda chinapola, thole linakula n'kukhala chinkhunzi chonenepa, koma likangoona goli limagona pansi. Anayesa kulikwapula, kulipotokola mchira, kulikoka ndi chingwe amuna anayi, osatheka. Mapeto ake anagulitsa kwa opha nyama pamtengo wolira, n'kukagula ina. Anafotokozanso za mtengo wa ngolo masiku ano, za matayala, za mnyamata wawo waganyu amene anathawa ndi nkhwangwa, mpaka wapampando anachita kuwadula. Pokhala pansi anati, "Koma mwana si ng'ombe, alangizi." Ndinavomera kuti si ng'ombe. Za makope sanazitchulenso tsiku limenelo, ngakhale sindikunena kuti anatembenuka mtima, poti potuluka ndinawamva akufunsa mlezi ngati mdzukulu wawo angamapatsidwe ntchito yakunyumba yapadera.

Mwambi umene anandiponyerawo ndi woona, koma tikuugwiritsa ntchito mozondoka. Mlimi aliyense pamsonkhano uja amadziwa chimene amachita ndi mmera panazale: kuthirira, kuphimba ndi udzu, kuingitsa nkhuku. Palibe amene amapita ndi dengu kukathyola tomato panazale.

Tsono chochita, mwachidule, poti zambiri mukuzidziwa. Makope a ana a zaka 3 ndi 4 abwerere m'katoni, zidole zituluke. A zaka 5 amene akulowa Sitandade 1 chaka chamawa angathe kulemba dzina lawo ndi zilembo zochepa, koma ayambire pamchenga ndi chala, pakhoma ndi makala, zilembo zikuluzikulu, kwa mphindi zochepa. Konzaninso ngodya zija. Simukufunika ndalama: zitsononkho ndi tizidutswa ta matabwa kwa kalipentala zomangira nyumba, dongo la kudambo, zitsekerero ndi miyala zowerengera ndi kusankha mitundu, timiphika, zitenje zakutha ndi zigubu za masanje, beseni la madzi ndi tizitini tosiyana kukula. Ana azisankha okha kopita, inu muziyendayenda, kukhala pansi nawo ndi kufunsa: waphikira anthu angati, chachitali ndi chiti, tikathira umu akwana? Muzilankhula nawo chilankhulo cha kunyumba kwawo, Chingerezi chilowe m'nyimbo ndi moni. Nthawi yokhala pamodzi pamphasa ikhale yaifupi, ya nthano ndi ndagi. Kunja kusanatenthe atuluke, katungwe, matayala, chipako, fulaye.

Makolo musawabisire. Aitaneni tsiku limodzi m'mawa adzakhale kumbuyo, ndipo yesani za miyala itatu zija iwo akuona. Amene akufuna homuweki muwauze kuti mwana akawerenge nkhuku polowa m'khola, akagawe masipuni pa chakudya, akafotokoze nthano imene wamva lero. Komiti iimitse kaye za mikanjo mpaka nkhokwe ya phala idzaze.

Nyemba, chimanga ndi timikanda ting'onoting'ono musawapatse ana osakwana zaka 3 amene amabwera ndi akulu awo, amaziika m'mphuno ndi m'makutu. Zitini zikhale zopanda mano, madzi a m'beseni muzitaya tsiku lililonse, ndipo akachoka kudongo asambe m'manja ndi sopo asanalandire phala. Ndidzadutsanso mvula yoyamba ikagwa, ndipo sindidzanena tsiku.