Zophika pa nkhuni zimafuna kufika nthawi yake

Anzanga okonda kudya m'timalesitilanti ta m'dera mwathu tophika pa nkhuni, musamafike cha m'ma 3 koloko masana. Amayi ophika amasonkha moto m'mawa, n'kutereka nyemba ndi nkhuku ya lokolo kuti zipse pang'onopang'ono, ndipo ikamakwana 12 koloko zonse zimakhala zapsa bwino. Mukachedwa mupeza nsima yozizira ndi msuzi wowonjezera madzi.

Ngati mukufuna chambo chowotcha, itanitsani mukangofika, ndipo pemphani kuti muione nsombayo isanapite pamoto. Yabwino imakhala ndi maso owala, mnofu wake wolimba mukaudina ndi chala. Owotchawo muwauze mwaulemu kuti adikire malawi azilale, aiwotche pa makala otsala. Pa malawi nsomba imapserera kunja m'kati isanapse, komanso imawawa utsi. Kudikirako kumatalika ndithu, koma kukoma kwake n'kosiyana kwambiri.

M'dzinja nkhuni zimanyowa, utsi n'kuchuluka. Khalani mbali imene mphepo ikuchokera, makamaka mukatenga ana kapena munthu wa mphumu.

Pa nkhani ya kusamba m'manja ndiye sindinyengerera. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yambiri m'Malawi muno, choncho musambe madzi othirirana ndi sopo, osati kupisa nonse m'beseni limodzi. Ndiwo zibwere zikutentha, ndipo saladi mudye pokhapokha mukuwadziwa bwino malowo.

Tenganinso ndalama zing'onozing'ono. Chenji imavuta, ndipo si onse amalandira za pa Airtel Money kapena Mpamba.