Kukonza cholakwika mu plugin ndi kusankha tsiku loitulutsa

Achimwene, mwafunsa zoyenera kuchita popeza plugin (kapulogalamu kowonjezera zochita pa tsamba la pa intaneti) yomwe munalembera kasitomala wa ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg, ikusokoneza tsamba lake.

Choyamba, chititsani kuti vutolo lionekenso pa kompyuta yanu, chifukwa simungakonze chimene simunachione. Kenako tsegulani nthambi yatsopano (kope lapadera logwirirapo ntchito) mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zimene mwasintha, mukonze cholakwika chokhacho osawonjezerapo zina. Mukatero, iyeseni plugin-yo pa seva (kompyuta yosungira masamba a pa intaneti) yoyeserera yokhala ndi PHP (chinenero cholembera mapulogalamu) yofanana ndi ya kasitomalayo, ndipo apa musapupulume, pakuti zambiri zimaonongekera pomwepa.

Nambala yosonyeza mtundu (version) wa plugin isinthe kuchoka pa 1.4.2 kufika pa 1.4.3, kusonyeza kuti mwangokonza zolakwika. Ine ndimatulutsa Lachiwiri m'mawa, osati Lachisanu, kuti zikavuta ndikhale ndi masiku obwezeretsa yakale. Koma ngati vutolo likukhudza chitetezo, itulutseni mukangomaliza kuiyesa.