Momwe mungaulutsire kwaya pa Facebook popanda mawu kusweka

Kwaya yathu kuno ku Luchenza ili ndi anthu ake ambiri ku Joni ndi ku Cape Town. Anachoka kalekale, koma akangomva kuti tili ndi mwambo wa maimbidwe, uthenga umabwera: mutionetse, nafenso tiponyepo kangachepe. Ndi mmene ndinayambira kuulutsa nyimbo zathu pa Facebook. Tsopano anzanga a makwaya a ku Bvumbwe, ku Thyolo boma ndi ku Chitakale amandifunsa funso limodzi lomwelo, loti bwanji chithunzi chimaoneka bwino koma nyimbo zosamveka. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akaipa amatseka nthawi yomweyo. Choncho zambiri zomwe ndilembe pano ndi za mawu.

Yambani ndi tsamba

Musatsegule tsamba Loweruka n'cholinga choti muulutse Lamulungu. Kuyambira 2024, Facebook imafuna kuti akaunti ikhale itakwanitsa masiku 60, ndipo tsamba likhale ndi otsatira osachepera 100 musanaloledwe kupita live. Ku YouTube, kuti muulutse ndi foni pamafunika ma subscriber 50, ndipo ulendo woyamba mutha kudikira mpaka maola 24 kuti akutsegulireni. Anthu 100 si ovuta kupeza, mungolengeza m'tchalitchi ndi pagulu la WhatsApp la achinyamata.

Kenako netiweki

Pitani pamalopo tsiku lina mwambo usanafike, mutatenga SIM ya Airtel ndi ya TNM. Kuno kwathu kwa mapiri ndi zigwa za tiyi, netiweki yomwe ikugwira bwino pamsewu itha kufooka mukangolowa m'nyumba ya makoma ochindikala. Tsegulani Speedtest, pulogalamu yoyezera liwiro la intaneti, ndipo muyang'ane nambala ya upload, osati ya download yomwe ambiri amasangalala nayo. Inu mukutumiza kanema, simukulandira. Ikamafika 3 kapena 4 Mbps ndi kukhazikika pamenepo, ndiye kuti zitheka. Kumbukiraninso kuti anthu akadzadza, onse amagawana nsanja imodzi ya netiweki. Amene anayesapo kuulutsa magule ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mu Okutobala akudziwa zomwe ndikunena.

Za bandulo, werengerani nokha: pa 3 Mbps, ola limodzi limadya pafupifupi 1.3GB. Mwambo wa maola atatu, gulani 5GB kuti mtima ukhale m'malo. Ine ndimagula bandulo yogwira paliponse, osati ya malo ochezera okha.

Njira yachidule yomwe imandithandiza ndi iyi. Foni yachiwiri muiike pazenera pomwe netiweki ili ndi mphamvu, ikhale hotspot. Foni youlutsira muiike pa flight mode, kenako muyatse Wi-Fi yokha. Mukatero palibe amene angakuimbireni pa SIM n'kudula nyimbo pakati.

Mawu: apa ndi pamene ndinagwera

Ulendo wanga woyamba unali mwambo wosonkhetsa ndalama zokonzera denga la tchalitchi, miyezi ingapo namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula chingwe cholumikiza foni ndi mixer, makina aja osakanizira mawu a maikolofoni ndi zoimbira. Wogulitsa pa kashopu kena anandilumbirira kuti chimagwira pa foni iliyonse. Ndinachilowetsa, chinalowa bwinobwino, ine n'kuyamba kuulutsa.

Sipanapite nthawi, ndemanga zinayamba kubwera: mawu sakumveka, tikungomva jenereta. Ndinakweza voliyumu pa mixer, osasintha. Ndinakwezanso, osasintha. Kwa maola awiri abale athu akunja anamvera jenereta, kulira kwa ana ndi kwaya yomveka chapatali ngati ili tsidya la Thuchila. Ambiri anachoka nthawi yopereka isanakwane. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa amayi a m'kwaya yathu anakonzekera nyimbozo kwa mwezi wathunthu, ena akubwera kudzaphunzira atachoka kothyola tiyi.

Vuto linali pa kamutu ka chingwe. Tengani chingwe chanu muwerenge timizere takuda pa kachitsulo kolowa m'foni. Timizere tiwiri ndiye TRS, yomwe foni imaiona ngati mahedifoni basi, ndipo imapitiriza kujambula ndi maikolofoni yake yam'kati. Timizere titatu ndiye TRRS, yokhala ndi magawo anayi, ndipo gawo lachinayilo ndi lomwe limanyamula mawu kulowa m'foni. Changa chinali cha timizere tiwiri. Mawu a mixer sanalowe m'foni ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake kukweza voliyumu sikunathandize.

Pali kuyesa kosavuta komwe kukanandipulumutsa. Lumikizani zonse, tsitsani mawu onse pa mixer, yambani kujambula, kenako kandani ndi chala pa kabowo ka maikolofoni ya foni. Mukamvera n'kumva kukandako, dziwani kuti foni sikutenga mawu kuchingwe. Yesani zimenezi mu Facebook momwemo, pa akaunti yanu mutasankha Only me, chifukwa kamera ya foni ndi Facebook nthawi zina sizitenga mawu malo amodzi.

Ndinabwereranso ku Limbe, ndinapeza cha timizere titatu, ndipo ndinaganiza kuti zatha. Ulendo uno mawu analowadi, koma osweka, makamaka asoprano akakwera pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti mixer imatulutsa mawu amphamvu yapafupi ndi volti imodzi, pomwe khomo la foni linapangidwira kamaikolofoni kotulutsa mphamvu yochepetsetsa kwambiri. Zili ngati kuthira madzi a mumgolo m'kabotolo ka mankhwala. Mutha kutsitsa mixer mpaka pansi penipeni, zimathandizako, koma pamatsala kaphokoso kofwenthera kumbuyo.

Chomwe chinathetsa nkhaniyi ndi kabokosi kotchedwa audio interface. Kanga ndi Behringer UCA202, kakang'ono kokwana m'thumba la malaya. Kamalandira mawu a mixer kudzera pa zingwe za RCA, zofiira ndi zoyera zija, n'kuwalowetsa m'foni kudzera pa USB, inu mukangowonjezera ka OTG, kolumikizira USB ndi khomo lotchajira la foni. Kalinso ndi polowetsa mahedifoni, ndiye mumamva ndithu zomwe zikupita kwa oonera. Mtengo sindilemba, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zoterezi mtengo wake sukhalitsa. Ine ndinapempha mlamu wanga kuti andibweretsere kuchokera ku Joni, ndipo zinanditsikira mtengo. Mukamagula konkuno, chenjerani ndi timabokosi topanda dzina tomwe ena amati ndi sound card, todzadza ndi mabatani a kuseka ndi kuwomba m'manja. Tina timaika mkokomo pa mawu womwe sungachotsedwe bwinobwino. Pitani ndi foni yanu, muyese pomwepo musanapereke ndalama. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani.

Tsono mawuwo muwatenge pati pa mixer? Ambiri amatenga pa REC OUT chifukwa ndi pophweka. Vuto lake n'lakuti pamenepo pamatuluka zomwezo zopita ku masipika, ndipo m'masipika timangoikamo zomwe sizikumveka zokha. Ng'oma m'tchalitchi zimamveka popanda maikolofoni, mpingo ukamavomera umamveka wokha, nthungululu nazonso. Ndiye wa ku Cape Town amangomva wotsogolera nyimbo ndi kiyibodi, zouma, ngati akuimba yekha m'chipinda. Nyimbo zathu moyo wake uli pa kuvomerezana ndi pa ng'oma, mukachotsa zimenezo mwachotsa zonse.

Gwiritsani ntchito AUX, khomo lina lotulutsira mawu pa mixer lomwe tchanelo chilichonse chili ndi kokwezera kake, ndipo ngati pali batani la PRE mulidinde kuti AUX isatsatire voliyumu ya masipika. Ikani maikolofoni imodzi yapadera patsogolo, yoloza ku ng'oma ndi kumpingo. Fader yake, yokwezera mawu opita ku masipika, muitsitse pansi kuti isapite ku masipika n'kuyambitsa kulira, koma AUX yake muikweze. Mukatero muli ndi misakanizo iwiri: wa m'nyumba ndi wa pa intaneti. Valani mahedifoni, mukweze tchanelo chilichonse pa AUX mpaka zonse zigwirizane. Kiyibodi pafupifupi nthawi zonse imafunika kutsitsidwa.

Poyesa, musauze munthu kuti anene "wanu, thuu". Pemphani kwaya iimbe kolasi yomwe imakwera kwambiri, ndi mphamvu zonse, ng'oma zikulira. Timagetsi ta pa mixer tiziyaka tobiriwira, tachikasu mwa apo ndi apo, tofiira ayi. Kenako tsitsaninso pang'ono, chifukwa pa tsikulo anthu akadzaza, oimba amatulutsa mawu kuposa pokonzekera.

Mukamva kulira kwa "mmmm" kosalekeza, zulani tchaja ya foni pa soketi. Nthawi zambiri phokosolo limabwera foni ndi mixer zikamadya magetsi amodzi, makamaka a jenereta. Power bank imathetsa zimenezo, koma poti khomo la USB latengedwa kale ndi kabokosi kaja, mufunika OTG ya makomo awiri. Zina mwa izo sizitchaja n'komwe ngakhale zili ndi bowo lachiwiri, ndiye nayonso muiyese. Ikasowa, yambani batire lili lodzadza ndipo muchepetse kuwala kwa sikirini.

Zotsalazo

Foni ikhale pa tripod, yogona chammbali, zenera lili kumbuyo kwanu osati kumbuyo kwa oimba. Ivuleni chikuto kuti isatenthe. Ngati muli panja nthawi ya chiperoni, khalani ndi kansalu kopukutira diso la kamera ndi ambulera ya mixer.

Munthu mmodzi akhale panja ndi foni ina ndi mahedifoni, azimvera ndi kuwerenga ndemanga. Asamvere m'katimo pa sipika, chifukwa zoulutsidwa zimachedwa ndi masekondi angapo ndipo zibwereranso mu maikolofoni.

Pa nthawi yopuma musaike nyimbo za oimba ena za pa flash. Makina a Facebook amazizindikira, ndipo atha kutseka mawu kapena kudula kanema yense. Tsitsani AUX kapena woimba kiyibodi azigunda pang'onopang'ono. Nyimbo zomwe munapeka nokha kazilembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndipo ngati mukuimba ya kwaya ina, apempheni kaye ndi kuwatchula.

Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya msungichuma, muilembe pa ndemanga n'kuikhomera pamwamba. Muitchulenso pakamwa, chifukwa pamapezeka anthu olemba nambala zawo m'ndemanga ngati ndi za kwaya.

Mukamaliza, koperani kanemayo tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kuyambira Febuluwale 2025, Facebook imafufuta makanema a live pakatha masiku 30. Dulani nyimbo ziwiri kapena zitatu zomwe zatuluka bwino, muziike padera patsamba ndi pa WhatsApp, yathunthuyo muisunge pa flash.