Matope a m'suweji angathe kuyatsa boyila, koma werengani madzi kaye

Pamalo oyeretsera madzi a m'suweji, zonyansa zikadikha pansi pa thanki pamatsala matope akuda onunkha, omwe ambiri amangosowa kowataya. Komatu m'matopemo muli mphamvu yoti n'kutenthetsa boyila ya fakitale kapena kuyendetsa jenereta.

Njira yodziwika ndi kuwatsekera m'thanki yosalowa mpweya kuti mabakiteriya awawoletse. Akamawola amatulutsa bayogasi, yemwe magawo pafupifupi 60 mwa 100 ndi methane, gasi woyaka uja. Kiyubiki mita imodzi ya bayogasi imakhala ndi mphamvu ya 6 kWh (mayunitsi omwe timayezera magetsi aja) kapena cha pomwepo. Koma mabakiteriyawa sachedwa kunyanyala. Amafuna kutentha kwa madigiri 35 mpaka 37 kosasinthasintha, ndipo matope akhalemo masiku osachepera 15. Thirani pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Mukakhuthulira ambiri nthawi imodzi, asidi amachuluka, thovu limatutuma pamwamba, gasi n'kuchepa. Mukaona pH, nambala yomwe imatsika asidi akamachuluka, yatsika kudutsa 6.8, chepetsani kuthira, musaumirire.

Gasiyu muziyamba mwamusefa asanalowe mu injini ya jenereta. Fungo la mazira owola limene mumamva ndi hydrogen sulphide, yemwe akakumana ndi chinyontho amadya mapaipi, ndipo akachuluka amapha munthu. Wantchito asatsikire m'thanki kapena m'dzenje mpweya usanayezedwe. Palinso mankhwala otchedwa siloxane ochokera ku shampu ndi zodzoladzola: akapsa amasiya zoyera zolimba gwa pa mavalavu ndi mapulagi, injini n'kuyamba kutsokomola. Kutentha kotuluka mu injini musakutaye, kabwezereni kothumitsa thanki ija.

Njira ina ndi kuumitsa matopewo n'kuwawotcha, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokoneza masamu. Matope aawisi ndi madzi okhaokha, oposa magawo 95 mwa 100. Ngakhale muwafinye ndi makina, magawo 70 mpaka 80 amatsalabe madzi. Kuwakweza choncho pa lole n'kulipira dizilo wonyamulira madzi basi. Mafakitale a simenti amawafuna ouma, madzi atatsala pafupifupi magawo 10. Akatero amalowa m'malo mwa gawo lina la malasha m'ng'anjo yotentha madigiri 1,450, phulusa lake n'kusakanikirana ndi klinka, timiyala totuluka m'ng'anjomo tomwe amapera kukhala simenti, osatsala chotaya. Kuumitsako kumadya moto wambiri, kotero ine ndimalangiza njira imeneyi pokhapokha pali kutentha kongotayika pafupi, kaya kwa ng'anjo yomweyo kaya kwa jenereta, apo ayi malo oyanikira padzuwa. Akauma musawaunjike nthawi yaitali, amatha kutentha okha mpaka kuyaka.

Musanasainirane mgwirizano ndi fakitale, tumizani matopewo ku labotale, ndipo muzibwereza, chifukwa zolowa m'suweji zimasintha. Muyezetse makamaka mercury, chitsulo chapoizoni chomwe chikatenthedwa chimathawira mu utsi, komanso phosphorus, yemwe akachuluka mu klinka amachedwetsa simenti kulimba.