Mmene mungajambulire mawu omveka bwino pa filimu ya ndalama zochepa

Anthu amapirira chithunzi chamdima pang'ono, koma filimu yomwe osewera ake akumveka ngati akuyankhulira mumgolo amaisiyira panjira. Opanga filimu odziyimira paokha ambiri amathira ndalama zonse pa kamera ndi malensi, mawu n'kusiyira kamaiki ka pa kamera komwe kali mamita 4 kuchokera pa woyankhula. Zinthu ziwiri ndi zomwe zimalamulira kamvekedwe ka filimu yanu: malo amene mwasankha, ndi kuyandikira kwa maiki pakamwa. Mtengo wa zida umabwera pambuyo.

Yambani mwamvetsera malowo

Pitani kumalo ojambulirako tsiku lofanana ndi limene mudzajambule, nthawi yakenso yomweyo. Nyumba imene ili zii Lachiwiri m'mawa ikhoza kukhala pafupi ndi tchalitchi chomwe chimatsegula masipika Loweruka kapena Lamlungu, kapena mzikiti umene umaitana anthu kasanu pa tsiku. Valani mahedifoni, yatsani rekoda, mukhale chete mphindi 5. Khutu la munthu limazolowera phokoso n'kuliiwala, pamene maiki imatola chilichonse: chigayo chakuseri, njinga zamoto za kabaza, ana oweruka kusukulu, wowotcherera zitseko patsidya, tambala wosadziwa nthawi. Zina mwa izi zimatheka kukambirana. Mwini chigayo mukamulankhula mwaulemu dzana lake, n'kumupatsa kangachepe, akhoza kuzimitsa kwa mphindi 20 pamene mukujambula gawo lofunika. Msewu waukulu ndiye sungaupemphe, chokanipo basi.

Nyengo nayo iwerengereni. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mvula ikagwa padenga la malata lopanda siling'i palibe chojambulika, choncho konzeranitu magawo opanda zoyankhula oti mujambule ikayamba. M'mwezi wa Okutobala nyenje zimalira masana onse, ndipo kulira kwake kumakhala m'dera lomwelo la mawu akuthwa a munthu, moti pozichotsa pa kompyuta mumachotsanso kumveka kwa "s" ndi "ts". Jambulani m'mamawa zisanayambe. Kunyanja, mphepo ya mwera ya pakati pa Juni ndi Ogasiti imafuna chotchingira maiki chaubweya, kasiponji kokha sikathandiza.

M'nyumba vuto ndi kubwerera kwa mawu. Chipinda cha simenti chopanda katundu chimabweza mawu kuchokera kukhoma lililonse, ndipo zimenezi ndi zovuta kwambiri kukonza pambuyo pake. Ombani m'manja kamodzi pakati pa chipindacho. Mukamva kulira kukupitirira, pachikani mabulangete okhuthala awiri kapena atatu kumakoma amene sakuoneka pa kamera, mutsamiritse matiresi pakona, pansi muyale kapeti kapena bulangete lina. Bulangete lisamatike kukhoma. Likatalikirako masentimita 10 limameza mawu bwino. Nyumba yofolera udzu, ya zidina zosapaka simenti, nthawi zambiri imamveka bwino kuposa nyumba yamakono ya matailosi.

Zimitsani firiji, fani ndi wailesi. Makiyi a galimoto muike m'firijimo kuti musachoke osaiyatsanso, mungawononge ndiwo za eni nyumba. Jenereta ikhale mamita 30 kapena kupitirira apo, kuseri kwa khoma, paipi yotulutsa utsi italoza kwina. Musaitsekere m'chipinda pofuna kuchepetsa phokoso: utsi wake umapha, nayonso imatentha n'kuzima.

Zida zokwanira

Mukufunika rekoda yapayokha monga Zoom H5 kapena Tascam DR-40X, maiki yaitali yolozera ija amati shotgun, maiki imodzi kapena ziwiri zomata pachovala, mahedifoni otseka khutu lonse, ndi ndodo yonyamulira maiki. Ndalama zikachepa, kamaiki ka Boya BY-M1 kolumikiza ku foni imene ili m'thumba la wosewera kamaposa kutali maiki ya pa kamera.

Ndodo mukhoza kupanga ndi nsungwi youma, yowongoka, ya mamita 2.5 mpaka 3. Maiki isakhudze nsungwiyo: imangeni ilendewere pa malamba a mphira, apo ayi kusuntha kulikonse kwa zala kumamveka ngati bingu. Chingwe chizungulizeni pandodo kuti chisamagunde.

Onetsetsani pulagi. Ya mizere iwiri yakuda, TRS, ndi ya kamera ndi rekoda. Ya mizere itatu, TRRS, ndi ya foni. Mukazisemphanitsa, chipangizo chikhoza kubwerera mwakachetechete ku maiki yake yamkati, inu n'kudzazindikira muli pa kompyuta. Kandani maikiyo ndi chala mukumvetsera, mutsimikize kuti ndi yomweyo ikujambula. Maiki zambiri za pulagi yaikulu ya mano atatu, ija amati XLR, zimafuna mphamvu ya 48V kuchokera ku rekoda, ndipo zimatha mabatire msanga, ndiye tengani ochuluka kawiri kuposa amene mukuganiza.

Kutchera rekoda

Pa rekoda sankhani mtundu wa fayilo wa WAV, 48 kHz, 24-bit. MP3 ayi, 44.1 kHz ayinso, chifukwa muyezo wa kanema ndi 48. Ola limodzi la tchanelo chimodzi, kutanthauza maiki imodzi, limadya pafupifupi 520 MB, choncho khadi ya 32 GB ikukwanirani masiku angapo.

Zimitsani auto gain. Imakweza yokha mphamvu wosewera akapuma, phokoso la kumbuyo n'kumakwera ndi kutsika, zomwe sizilumikizika posanja filimu pa kompyuta. Muuzeni wosewera ayankhule mmene adzayankhulire pojambula penipeni, osangoti "wani, thuu", ndipo tcherani kuti mawu azifika pa -12 dB pa chizindikiro cha rekoda (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), akakuwa asapitirire -6. Akafika pa 0 amasweka. Otsika pang'ono mungawakweze pambuyo pake, osweka sabwerera. Ngati rekoda yanu imatha kujambula kope lachiwiri lotsikirapo, iyatseni pa magawo a mkangano ndi a maliro, pamene mawu amakwera mwadzidzidzi. Yatsaninso low cut, yodula mawu a pansi kwambiri, pa 80 Hz kuti ichotse mkokomo wa magalimoto ndi mphepo. Mafoni a gulu lonse akhale pa flight mode, osati kungowatseka kulira, chifukwa foni ikamafunafuna netiweki imalowetsa kulira kwa "dididi" m'zingwe.

Pamene maiki ikhale

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nthawi iliyonse mtunda wochokera pakamwa ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi 6 dB, koma phokoso la malowo limakhala chimodzimodzi. Maiki ikachoka pa masentimita 50 kufika pa mamita 2, mwataya 12 dB, ndipo mukadzakweza mawuwo mudzakwezanso chigayo ndi agalu omwe.

Ikani maiki pamwamba pa mutu, patsogolo pang'ono, italoza pakamwa, masentimita 30 mpaka 60. Wonyamula ndodo aitsitse mpaka wogwira kamera anene kuti yalowa m'chithunzi, kenaka aikweze pang'ono chabe, aloweze malirewo poyang'ana chizindikiro pakhoma. Kulozera pansi kuli ndi ubwino wake: kumbuyo kwa woyankhula kumakhala dothi, lomwe silibweretsa phokoso, pomwe maiki yoloza chopingasa imatolanso zonse za kuseri kwake. Wonyamula ndodo ayenera kudziwa mawu a seweroli monga osewera eni, kuti azitembenuzira maiki kwa woyankhula asanatsegule pakamwa. Ntchito imeneyi musapatse aliyense amene wangopezeka alibe chochita. Samalaninso mthunzi wa ndodo pakhoma.

Pa chithunzi chotambalala, pamene ndodo singayandikire, gwiritsani ntchito maiki yomata. Ikhale pakati pa chifuwa, masentimita pafupifupi 20 pansi pa chibwano. Mukaibisa m'kati mwa malaya, imatireni ndi tepi ya kuchipatala, nsalu ya pamwamba pake muimatenso kuti isakwechese, ndipo chingwe muchipinde kamkombero kakang'ono pansi pa maiki kuti chikakokeka phokoso lisafike. Nsalu ya thonje siivuta. Nayiloni, chitenje chatsopano chosachapa, mikanda ndi matcheni a m'khosi ndiye zimasokosa, ndipo izi zikambidwe ndi wosankha zovala tsiku lojambula lisanafike. Pomata maiki kwa mayi, pakhale mayi mnzake womuthandiza.

Musanachoke pamalopo

Poyamba pa take iliyonse, kutanthauza ulendo uliwonse wojambula gawo, munthu anene nambala ya gawo ndi ya take, kenaka aombe m'manja kamodzi manja akuoneka pa kamera, kuti mudzalumikizire pamenepo mawu ndi chithunzi. Aombere pafupi ndi maiki: mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye pa mafulemu (zithunzi za kanema) 25 pa sekondi, mtunda wa mamita 14 umachedwetsa mawu ndi fulemu yathunthu.

Gawo likatha, onse akhale chete pomwe alipo, maiki ili malo omwewo, mujambule "chete" wa chipindacho kwa sekondi 60. Ndi amene mudzatsekere mipata posanja, apo ayi padzamveka mabowo pakati pa mawu. Ngati mzere wina unasokonezedwa ndi njinga yamoto, wosewera aubwereze katatu pompo, kamera ili chizimire. Kumuitananso patatha mwezi kumadula, ndipo mawu ake sadzafanana ndi a tsikulo.

Pa gawo la m'bala, m'minibasi kapena pa ukwati, jambulani nyimbo itazimitsidwa, osewera ayankhule mokweza ngati ikulira. Nyimbo yolowa pamodzi ndi mawu imadumphadumpha pa malo aliwonse amene mwadula, komanso ndi ya mwini wake. Chilolezo cholembedwa chimafunika, ndipo ku Malawi ofunsa za umwini wa nyimbo ndi a COSOMA. Popanda chilolezo YouTube ikhoza kutseka filimuyo kapena kupereka ndalama zake kwa mwini nyimbo. Madzulo aliwonse koperani mafayilo malo awiri osiyana musanafufute khadi.

Pa kompyuta

Pulogalamu yosanjira filimu ya DaVinci Resolve yaulere imalumikiza yokha mawu a rekoda ndi chithunzi poyerekeza ndi mawu a kamera, n'chifukwa chake maiki ya kamera isazimitsidwe pojambula. Ngati munajambula ndi foni ndipo milomo ikuyamba kusemphana ndi mawu pakapita mphindi zingapo, vuto ndi loti foni imasinthasintha liwiro la mafulemu. Dutsitsani fayiloyo mu pulogalamu ya HandBrake, musankhe constant frame rate kuti liwiro lisamasinthe. Kung'ung'uza kwa magetsi a ESCOM kumakhala pa 50 Hz, ndiye dulani mopyapyala pa 50, 100 ndi 150. Zochotsera phokoso muzigwiritsa ntchito pang'ono. Mukazikweza kwambiri mawu amauma n'kumalira chitsulo, zomwe zimatopetsa khutu kuposa phokoso lenilenilo.

Filimu ya pa YouTube ikhale pafupi ndi -14 LUFS, muyezo wa kukwera kwa mawu a filimu yonse. Ma TV otsatira muyezo wa ku Ulaya wa EBU R128 amafuna -23, koma funsani siteshoni kapena chikondwerero cha mafilimu chimene mukutumizako muyezo wawo musanatulutse fayilo yomaliza. Kenaka imvetsereni pa sipika ya foni wamba, poti ambiri adzaonera pamenepo, ndipo paliponse pamene nyimbo ikukwirira mawu, itsitseni ndi 3 dB mumvetserenso.