Momwe mungawerengere konkire ya masitepe musanagule simenti

Chaka chatha ndinkamanga masitepe okwerera pamwamba pa sitolo yanga ku Ulongwe, konkire n'kutithera tili pakati. Ndalemba izi kuti inu zisakuonekereni.

Tengani tepi, yezani kuchokera pansi mpaka pamene phazi lidzapondere pamwamba. Kwanga panali mamita 2.72. Sitepe yosatopetsa imakwera masentimita 17, popondapo masentimita 28. Nditagawa 272 ndi 17 anatuluka masitepe 16, m'lifupi mita imodzi.

Sitepe mukaiyang'ana cham'mbali ndi theka la bokosi. Ndiye chulukitsani 0.17 ndi 0.28 ndi m'lifupi muja, mugawe pawiri, mupeza 0.0238. Masitepe onse 16 akwana makiyubiki mita 0.38.

Apa ndi pamene ndinagwa nayo. Nditaona 0.38 ndinasangalala, n'kukagula matumba atatu basi. Ndinaiwala silabu yopendekera ya pansi pa masitepe, ija amisiri kuno amati laje, momwe mumagona zitsulo. Tinayamba kuthira Loweruka m'mawa, ndipo tili pa sitepe yachisanu ndi chimodzi mmisiri anaika fosholo pansi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, simenti ina mwaisunga kuti?" Ndinasowa pogwira. Ndalama ndinalibe m'thumba, tinadzapitiriza Lolemba konkire yoyamba itauma kale. Mpaka lero pali mzere pamene ziwirizo zinakumana, ndipo ndikamakwera ndi thumba la chimanga mtima sukhala m'malo.

Silabuyo ndi imene imadya konkire yambiri. Musaiyezere pansi, chifukwa mupeza mamita 4.48 okha. Kokani chingwe motsetsereka, momwe matabwa adzagonere. Kwanga chinakwana mamita 5.24. Chulukitsani ndi kuchindikala kwake, masentimita 15, ndi m'lifupi mita imodzi: 0.79. Onani, kuposa masitepe aja kawiri! Zonse pamodzi ndi 1.17. Onjezani gawo limodzi mwa magawo khumi, poti ina imatayikira pansi, ina imathawira m'mipata ya matabwa. Tinene 1.3. Ngati masitepe anu akukhota, popumira paja muwerenge padera.

Posakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi itatu ya miyala, kiyubiki mita imodzi imadya matumba pafupifupi asanu ndi awiri a makilogalamu 50. Choncho ine ndinayenera kugula khumi. Pogula ligwireni thumba lililonse ndi manja anu. Wogulitsa wina anandipatsa awiri otchipa, koma m'kati munali zibuma zolimba ngati mwala, anakhalitsa pachinyontho. Mitengonso imasiyana sitolo ndi sitolo, funsani malo atatu musanatulutse metikali yanu, ndipo muwerengere ndi ya wonyamula yomwe.

Thumba limodzi limafuna ndowa za malita 20 zitatu ndi theka za mchenga, ndi zisanu za miyala yoswaswa ija amati brita. Musayezere wilibala, mawilibala amasiyana kukula. Mchenga ufinyeni m'manja, ukasiya matope ubwezeni.

Za zitsulo mumve mmisiri wodziwa ntchito. Mukathira, muzithirira madzi kwa sabata yathunthu, makamaka inu a kotentha monga ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Matabwa a pansi musawachotse masabata atatu asanathe.