Kuika deta pa intaneti kuti izilumikizana ndi ya anthu ena

Munthu akaona mawu akuti Blantyre m'tebulo la Excel amadziwa kuti ndi mzinda wa kummwera kwa Malawi. Kompyuta sidziwa. Kwa iyo angakhalenso Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Njira ya Linked Data, imene Tim Berners-Lee anailongosola mu 2006, imathetsa chisokonezochi popatsa chinthu chilichonse adiresi yakeyake, yotchedwa URI. Tiyerekeze kuti muli ndi mndandanda wa mijigo: mudzi, boma, tsiku lokumbidwa ndi manambala a GPS.

Yambani ndi kukonza tebulolo. Masiku onse alembedwe chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2019-04-03, chifukwa 03/04/2019 wa ku America amawerenga kuti ndi Malichi pamene ife timati ndi Epulo. Sungani fayilo ngati CSV (tebulo la mawu okhaokha) ya UTF-8, njira yosungira zilembo za zinenero zosiyanasiyana, apo ayi chilembo ŵ chimasanduka tizizindikiro tosadziwika. Mayina ndi manambala a foni a anthu a m'komiti ya mjigo achotseni; zikangotuluka pa intaneti simungazibwezenso.

Ntchito yofunika kuiganizira mofatsa ndi yopanga ma URI. Mjigo uliwonse ukhale ndi wake, mwachitsanzo https://example.org/id/mjigo/0412. Musaikemo chilichonse chimene chingasinthe mawa: dzina la dipatimenti, mawu akuti "wogwira ntchito", kapena .php kumapeto. Mjigo umawonongeka, dipatimenti imasintha dzina, pulogalamu ya pa seva imalowedwa m'malo, ndipo onse amene analumikiza deta yawo ku adiresi yakaleyo amatsala m'malere. Ngati simukutsimikiza kuti domain yanu (dzina la webusaiti, monga example.org) mudzailipirirabe zaka khumi zikubwerazi, tengani adiresi ku w3id.org, imene imangolozera kumene deta ili panthawiyo.

Kenako mzere uliwonse wa tebulo muusandutse ziganizo za RDF, njira yolembera deta yoti makompyuta aziimvetsa. Chiganizo chimakhala ndi zigawo zitatu: chinthu, ubale, ndi chimene chikunenedwa za icho. M'kalembedwe ka Turtle zimaoneka chonchi:

@prefix schema: <https://schema.org/> .
@prefix wd: <http://www.wikidata.org/entity/> .
<https://example.org/id/mjigo/0412>
  a schema:Place ;
  schema:name "Mjigo wa pa sukulu"@ny ;
  schema:latitude -15.78 ;
  schema:longitude 35.00 ;
  schema:containedInPlace wd:Q1020 .

Ka @ny kakusonyeza kuti mawuwo ndi Chichewa, ndipo Q1020 ndi nambala ya Malawi ku Wikidata, nkhokwe ya deta ya pa intaneti yotseguka kwa aliyense. Kamzere kali kutsogolo kwa 15.78 musakaiwale: Malawi ali kummwera kwa equator, ndipo mukakasiya mjigo wanu ukapezeka ku Sudan. Mawu a ubale musapeke anuanu ngati alipo kale. Schema.org, imene inayamba mu 2011, ili ndi ambiri a malo ndi mabungwe. Dublin Core ndi ya zolembedwa. SKOS ndi ya mindandanda ya magulu, monga mitundu ya mapampu.

Polumikiza ndi deta ya ena m'pamene ambiri amaphonya. Pulogalamu ya OpenRefine imatha kuyerekeza mayina a m'tebulo lanu ndi a ku Wikidata, koma imangopereka maganizo, kusankha n'kwanu. Zomba ndi mzinda, Zomba ndi boma, palinso phiri la Zomba, ndipo chilichonse chili ndi nambala yake. Onani dzina lililonse ndi maso. Samalaninso ndi owl:sameAs. Mawu amenewa amatanthauza kuti ziwirizo ndi chinthu chimodzi ndendende, choncho mukalumikiza boma ndi mzinda, pulogalamu yotsata mfundozi idzapatsa mzindawo chiwerengero cha anthu a boma lonse. Pamene mukukayika, skos:closeMatch kapena rdfs:seeAlso n'zokwanira.

Fayilo ikatha, iyeseni ndi lamulo la riot --validate la Apache Jena, mapulogalamu ogwirira ntchito ndi RDF. Kawirikawiri cholakwika chimakhala kadontho kosowa kumapeto kapena mpata mkati mwa URI.

Tsopano adiresi ija iyenera kuyankha munthu akaitsegula. Ngati deta ndi yochepa, ikani zonse m'fayilo imodzi, ma URI akhale ndi #, monga /mijigo#0412. Seva sifuna kukonzedwa mwapadera. Ikakhala yochuluka, seva iziyankha ndi 303, nambala yotanthauza kuti "onani kwina", n'kulozera ku tsamba la HTML kwa munthu, kapena ku Turtle kwa pulogalamu. Yesani ndi lamulo la curl -i -L -H "Accept: text/turtle" kutsogolo kwa adiresiyo. Mukalandira HTML, kapena Content-Type ikati text/plain, ndiye kuti seva sinauzidwe za mafayilo a Turtle, othera ndi .ttl. Amene alibe mphamvu pa seva angaike deta yomweyo ngati JSON-LD, kalembedwe kena ka RDF, m'kati mwa tsamba, mu script ya mtundu wa application/ld+json.

Za SPARQL, chinenero chofunsira mafunso pa deta ya RDF, musathamangire. Seva yoyankha mafunso otere, monga Fuseki, imafuna woisamalira, ndipo funso limodzi lolemera limatha kuigwetsa. Fayilo yathunthu yoti anthu azikopera, yolembedwa tsiku limene inasinthidwa komaliza, imathandiza ambiri. Pambali pake lembani layisensi momveka, CC0 (aliyense agwiritse ntchito mmene akufunira) kapena CC BY (atchule mwini wake). Wikidata imalandira deta ya CC0 yokha, choncho ngati mukufuna kuti mijigo yanu ikalowe kumeneko, sankhani imeneyo kuyambira pachiyambi.